Chikhomo Chosuntha Malire a Mzinda

Zaka khumi ndi zisanu aTepi akuyezera anthu malo ku ofesi ya mzinda, koma eni akewo analibe ngakhale pomanga khola la nkhuku. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo powaseka, ati chuma chawo chonse ndi tepi yoyezera. Anzawowo ankabwera pa galimoto, iwo wapansi. Zinkawawa, tisanamizane.

Pakhoma la ofesi panali mapu okhala ndi mzere wofiira. Kuseri kwa mzerewo lamulo linaletsa kumanga, poti ndi minda ndi madambo osunga madzi. Chonsecho ofuna mapuloti anali mbwee.

Tsiku lina anazemba pantchito, ulendo kwa sing'anga.

"Chikhomo ichi," anatero sing'angayo, "pomwe mukachikhome, malire afika pomwepo. Mabwana anu adzalumbira kuti mzere unali pamenepo chikhalire."

"Nanga chizimba chake?"

"Chaching'ono. Woyamba kugona pamalo atsopanowo ndi wanga."

"Bola akhale mlendo."

"Ine sindisankha, bambo. Wogulitsa ndinu."

Anakhoma, anagulitsa, analemera. Woyamba kugona anali kalipentala, ndipo sanadzuke. Atakhomanso, anapita mayi wogulitsa makala, kusiya ana anayi. ATepi anagula mabokosi onse awiri, anthu n'kumati, "Koma bambo awa ndi achifundo!" Mawu amenewo ankawabaya. Ana amasiyewo akawapatsa moni, aTepi ankayang'ana kumbali. Mumtima ankadziwa kuti wakupha ndi iwo eni. Komabe anakhoma kachitatu, ati komaliza. Za chizimbazo sanauze munthu, ngakhale akazi awo.

M'mawa wina akazi awo anabwera ndi tiyi akumwetulira.

"Bambo ake, mumagulitsa malo kwa eni, mwana wanu yemwe mumamumana. Ndiye ndinamugulira mwakabisira kwa mkhalapakati wanu, kumalo atsopano kuja. Wamanga kachipinda kamodzi. Dzulo wagonamo mtsikana wathu, woyamba dera lonselo!"

Kapu inagwa. ATepi anathamanga mpaka kudambo komwe kunali kachipindako, napeza chitseko chokhoma m'kati. Anagogoda, anaitana, anachonderera. Kunali zii.

Mpaka lero aTepi amayendayenda kumapeto kwa mzinda, kuzula zikhomo za eni ndi manja, zala zili magazi okhaokha. Aliyense wodutsa amamugwira malaya.

"Ndimangeni! Mwana uja ndinamugulitsa ndine!"

Palibe amawamanga, anthu amangopukusa mitu.

Abale anga, dyera silikhuta. Chuma cha mankhwala chimayamba ndi kudya ana a eni, koma chimamalizira m'nyumba mwako.