Siketi Yogwidwa ndi Mapini

Chitseko cha kuchipinda kwa ana chinamenyetsedwa kachitatu m'mawa umenewo, ndipo Telala, amene ankatchedwa choncho chifukwa cha ntchito yake yosoka, anangoima pabalaza ndi makapu m'manja, osadziwa powaika. Anali atakhala pabanjapo miyezi inayi yokha. Mwamuna wake, dalaivala wa mabasi a mtunda wautali, anabwera ndi ana aakazi awiri amene mayi awo anamwalira kalekale, komanso apongozi amene anali ndi moyo wokwanira anthu atatu.

Womenyetsa chitsekoyo anali wamng'ono, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Chisamukireni ku nyumba yatsopanoyi, kutali ndi agogo ake ndi anzake, mwanayu anasanduka wina. Ankalira popita kusukulu, m'mimba munkamupweteka Lolemba lililonse, ndipo tsiku lina anauza Telala pamaso kuti tiyi wake amanunkha mafuta a makina. Mkulu wake, Mlongoti, wa zaka khumi ndi zisanu, wamtali monga dzina lakelo, sankavutitsa munthu. Ankatsuka mbale, kulowa kuchipinda, basi.

Apongozi ankabwera Loweruka lililonse kudzaona adzukulu, ndi kudzapititsa chala pamawindo kuti aone fumbi. Loweruka limenelo anapeza Wailesi akusisima kuseri kwa chitseko. Sanalandire n'komwe moni. Anakhala pampando chikwama chili pamiyendo, n'kuuza mwana wawo kuti ana awa sanali chonchi mkazi uyu asanabwere, ndipo kuti Mlongoti yekha ndiye anali ndi mtima wopirira.

Koma Telala mtima wake sunali pa Wailesi. Unali pa wopirirayo. Iye ndi amene ankasokera anawa mayunifolomu kwa zaka zitatu, ndipo bambo awo anadziwana naye pamakina pomwepo. Telala weniweni sataya muyezo wa munthu. M'kabuku kake ka chikuto chong'ambika munali chiuno cha Mlongoti teremu iliyonse: mainchesi 28, kenako 26, kenako 24. Mwana akukulira m'mwamba, koma akutha. Ndipo kutsikako kunayamba miyezi isanu ndi umodzi nkhani ya ukwati isanamveke. Mtsikana amene ankalowa mushopu akudunda mpira, akuumirira kuti siketi yake ikhale ndi matumba, anasiya zonsezo pang'onopang'ono. Ulendo womaliza, tepi ili m'chiuno, ananena motsitsa mawu kuti, "Musavutike, Anti. Nsaluyi mungoiwononga pa ine."

Telala anakatenga kabukuko n'kukatsegula patebulo.

"Amayi, Wailesi akulira chifukwa tamusamutsa, ndipo ndikumumvetsa. Koma uyu wachetechete akudwala. Taonani masiku ake. Tipite naye kuchipatala."

"Ndiye mwafika potchula mdzukulu wanga kuti ndi wamisala?" Apongozi anakankha kabukuko mpaka kanagwa pansi. "Mwalephera wolirayo, tsopano mukufuna kuipitsa wabwinoyo kuti mudziyeretse."

Mwamuna wa Telala ankangotembenuza makiyi m'manja, monga ankachitira nthawi zonse akazi awiriwa akakumana. Apongozi anagamula okha. Tchuthi chinali chitayamba, ndipo ana onse awatenga kwawo masabata awiri. Akakachira kumeneko, aliyense adziwa pamene pali matenda, ndipo Telala alongedze makina ake. Anatuluka atagwira Wailesi padzanja. Mlongoti anawatsatira atanyamula zikwama zonse ziwiri, osafunsa ngakhale kumene akupita.

Masiku amenewo Telala sanakhazikike. Anasoka mkono wa jekete mozondoka, n'kumasula, n'kusokanso mozondoka. Ankaimirira, kupita pakhomo la shopu, kuyang'ana msewu, kubwerera. Basi iliyonse ikaima pakona ankasiya kupalasa makina. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti sankadziwa chopempherera. Ana akachira, banja lake latha. Akapanda kuchira, ndiye kuti iye ananena zoona, ndipo zoonazo anali mwana amene akufota. Ankalira atawerama, misozi n'kumadontha pansalu za anthu. Mwamuna wake akamuimbira ali paulendo ankangoti apirire, amayi mtima utsika.

Tsiku lachikhumi, dzuwa lili pamutu, apongozi analowa mushopu opanda chikwama chawo chija. M'manja munali siketi ya Mlongoti, yogwidwa ndi mapini awiri m'chiuno. Anakhala pa sitululu ya makasitomala osauzidwa.

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Wailesi anachira tsiku lomwelo. Atangoona anzake akale anataya nsapato, ndipo kumuitana kudzadya kunali ntchito. Koma Mlongoti, agogowo anamuphikira zonse zimene ankakonda, iye n'kumangozitakasa ndi supuni. Anaitanitsa atsikana a timu yake yakale, iye osatuluka. Ankagona mpaka masana n'kudzuka wotopa. M'mawa umenewo, akumugwirira siketi ndi mapini kuti isavuke, mwanayo anati, "Agogo, pakanapanda ine bwenzi mukupuma nonse."

Atafika pamenepo apongozi analira mokweza, osasamala anthu odutsa pakhomo.

"Ndimamuyamikira kuti ndi wofatsa, mwana akumira ndikumuona. Tengani kabuku kanu kaja, tiyeni."

Kuchipatala anakhala pabenchi yaitali, mwamuna uja atasiya basi kwa mnzake. Dokotala wa za maganizo, mayi wa magalasi olendewera pachingwe, anacheza ndi mwana aliyense payekha, kenako anaitana akuluakulu. Anati anawa akuoneka ngati akudwala chimodzi, koma ayi. Vuto la Wailesi lili ndi tsiku limene linayamba, ndipo limapepuka akachoka pamene pakumupweteka. Uku n'kuvutika kuzolowera kusintha, ndipo kawirikawiri kumatha m'miyezi ingapo ngati mwana akumvetseredwa, akuloledwa kukaona anzake, osamukalipira. Kukapanda kutha, abwere nayenso. Koma Mlongoti ali ndi matenda ovutika maganizo. Amenewa sadikira kuti pachitike chinthu, ndipo amamutsatira munthu kulikonse, ngakhale kwa agogo. Amalanda tulo tabwino, chilakolako cha chakudya ndi chimwemwe, mpaka mwana kumadziona ngati katundu wolemetsa ena. Kumuuza kuti alimbe mtima sikuthandiza. Azibwera sabata iliyonse, mwina adzafunikanso mankhwala, ndipo mawu ngati amene anauza agogo akewo asamawatenge mopepuka. Amachira, anatero, makamaka akadziwika msanga.

Dokotalayo anatsegula kabuku ka Telala, kuyang'ana manambala aja, n'kufunsa kuti anayamba kuzindikira ndani.

Apongozi analoza Telala. "Mayi ake awa."

Mwamunayo anaika makiyi m'thumba, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana mkazi wake pamaso pa amayi ake. 

Pobwerera anadzera kushopu. Wailesi anayamba kale kudandaula kuti mukununkha mafuta, koma anakhala pafupi ndi makinawo n'kumaseweretsa tepi. Mlongoti anatsamira chitseko, wotopa monga analili m'mawa, chifukwa matenda otere satha ndi ulendo umodzi. Apongozi anachotsa mapini aja n'kupereka siketiyo ndi manja awiri, kuti aidule ifanane ndi mwanayo.

Telala anaitembenuza, n'kuyang'ana msoko wa m'chiuno.

"Sindidula, Amayi. Ndingopindira mkati. Tidzamasula akadzabwerera m'thupi mwake."

Anaika siketiyo pansi pa singano, ndipo Mlongoti anasendera pafupi kudzagwira nsonga ya nsaluyo kuti isakhudze pansi.