Mkono Wozizira wa Eladio

Kwa a Eusebio, kumapeto kwa minda ya nzimbe ku San Pedro, linali khomo labwino. Mwana sankatuluka osapempha dalitso, ndipo akazi awo, mayi Fidelina, ankadalitsa aliyense, ngakhale wongopita kukagula mchere. A Eusebio paunyamata wawo anali wowakha pa besibo, masewera amene wina amaponya kampira kolimba, wa timu ina n'kumakamenya ndi ndodo, moti zala zawo zinapindika ngati mizu ya chinangwa. Akaloza kum'mawa, anthu ankayang'ana kumadzulo.

Mwana wawo Eladio anabadwa ndi mkono wa mfuti. Akaponya mpira, nkhuku za kwa aneba zinkasiya kuikira. Koma bambo ake anali ndi lamulo limodzi: asanaponye wamphamvu, aziyamba waponya mipira makumi awiri yofewa, magazi afike m'chigongono. Ankamuwerengera okha mokweza, gulovesi ili kumanja.

"Mkonowu anakubwereka Mulungu, mwana wanga," ankatero. "Uziyamba waudzutsa usanautume."

Atakula, Eladio analembedwa mu timu yaikulu ya m'tauni ngati wopokeza. Ntchito ya wopokeza ndi kudikira. Amakhala kuseri kwa bwalo, m'kampanda kamene osewera amakatcha khola, mpaka woponya woyamba atatopa. Foni ya m'kholamo ikalira, amadzuka, kutenthetsa mkono, n'kukapulumutsa anzake. Tsiku lina ilira, lina silira.

M'kholamo munali Nicanor, wopokeza wakalekale, amene mimba yake inkalowa m'nyumba mwiniwake akadali pamsewu. Ankayenda ndi fulasiki ya khofi, koma khofi wakeyo akadonthera pansi, nyerere zinkayenda cham'mbali. Ataona Eladio akuponya yofewa ija, anapinda zala n'kuyamba kumuwerengera ndi mawu onjenjemera a nkhalamba, mpaka khola lonse linafa ndi phwete.

"Aise, zimenezo n'za agogo. Mkono ngati wakowo timautenthetsera m'kati. Tamwako uone."

Eladio anamwa, ndipo m'thupi munatenthadi. Tsiku limenelo anaponya yofewa khumi yokha, n'kukatulutsa omenya atatu a timu ina motsatizana. Sabata yotsatira anaponya isanu. Kenako ankangopukusa phewa kawiri ngati akuingitsa ntchentche. Pofika mwezi wachitatu ankagona m'kholamo chipewa chili kumaso, mkonono wake n'kumasokoneza ogulitsa mtedza kunja kwa mpanda.

Atapita kwawo kukacheza, mayi ake anamva fungo ali pakati pomudalitsa, dzanja lawo n'kuima m'malere. Anamufunsa ngati khofi wa m'tauni amamufulula masiku ano. A Eusebio sanakalipe. Anangotenga gulovesi n'kumuitanira panja, koma Eladio anati mkono wake ndi wa ntchito tsopano, sauponyera pabwalo la nkhuku.

"Tsiku lina udzautuma uli mtulo," anatero bambowo, n'kupachika gulovesi pamsomali.

Lamlungu lina masana kunabwera mzungu wofufuza osewera wochokera ku Amereka, ndipo aliyense ankadziwa kuti wadzera Eladio. Nicanor anati tsiku lalikulu limafuna khofi wambiri. Eladio anavomereza, n'kukokera chipewa kumaso, poganiza kuti amuitana chakumapeto monga mwa masiku onse. Koma woponya woyamba zinamusokonekera msanga. M'chigawo chachitatu chokha, adani anali atadzaza ngodya zonse zitatu za bwalo, atangotsala pang'ono kugoletsa. Foni inalira, inalira, mpaka Nicanor anachita kumugwedeza ndi phazi.

Mphunzitsi wa timu anafunsa pafonipo ngati mkono wakonzeka. Akanati ayi, akanamudikirako pang'ono. Koma Eladio, dovu lili patsaya, anayankha kuti unakonzeka dzulo. Atafika pakachulu koponyera, ngakhale mipira yoyeserera imene malamulo amalola anaponyako iwiri yokha, n'kukweza dzanja kuti yakwana, mzungu uja aone kuti kuno kulibe munthu wamba.

Woyamba weniweni anauponya ndi mphamvu zake zonse. M'chigongono munamveka ngati lamba waduka. Mpira unakamenya chikwangwani chotsatsa sopo, mkono n'kutsala ukulendewera ngati thaulo lonyowa. Mzungu anatseka kabuku kake n'kuitana wa mtedza.

Dokotala anati mtsempha waduka, ndipo timu inamuchotsa. Nicanor sanaponde kuchipatala. Anangotumiza uthenga woti zimachitika.

Eladio anabwerera kwawo mkono uli m'nsalu pakhosi. Anaima pakhomo nthawi yaitali asanapemphe dalitso, ndipo mayi ake anamudalitsa osafunsa kanthu. Patatha chaka, bala litapola, iye yekha anatsitsa gulovesi ija pamsomali, n'kuipukuta fumbi, n'kukaipereka kwa bambo ake ndi manja awiri.

"Ndiwerengereni, bambo."

Anaponya wofewa woyamba. Unagwera pakati panjira, ndipo nkhuku zinangouyang'ana osasuntha.

"Umodzi," anatero a Eusebio, n'kupita kukautola.

Ku timu yaikulu sanabwerereko. Lero amayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe, ndipo botolo saligwiranso.

Inu anyamata, kanthu kakang'ono kamene makolo anakuphunzitsani musamakasiye chifukwa choti mnzanu wakaseka. Ulesi ndi mowa zinamusekerera Eladio miyezi itatu yathunthu, n'kudzamugwetsa pa tsiku limodzi lokhalo limene ankafunika kukhala maso.