Dzina la Josva Lili Paphiri

Ebba sankatchula dzina la malemu mwamuna wake. Ankangoti "ajawa," n'kuloza ndi chibwano kumapiri a kumpoto kwa mudzi wawo wa Ittoqqortoormiit. Nkhaniyi ndi yoona. Mwana wake Ivalu alipo, mukamufunse.

Mwamunayo, Josva, ankaperekeza azungu ojambula mapu pa chileyi cha agalu. Anagwera mumng'alu wa madzi oundana, osapezekanso. Azunguwo pobwera kudzapepesa anapempha kuti nsonga ina ya phiri yopanda dzina aitche Josva. Ebba anavomera. Chisoni chinamuiwalitsa kuti dzina la womwalira limadikira khanda, kuti mwini wake abwerere kwawo adzafunde.

Patatha chaka, Ivalu anabereka mwana wamwamuna. Anamutcha Josva. Khandalo linakana dzinalo. Akaliitana, linkatembenukira kukhoma n'kulira mpaka mawu kutha. Bere osayamwa. Linayamba kupepuka m'manja.

Inali nyengo imene dzuwa sililowa. Tsiku lachisanu chibadwire mwanayo, agalu onse panja anangoti zii nthawi imodzi. M'nyumba munamveka fungo la fodya wa m'kaliwo. Wosuta panalibe. Kenako pakhomo: gu, gu, gu. Mmene Josva ankasansira chipale chofewa kunsapato, phazi lamanzere kawiri.

"Amayi," ananong'ona Ivalu, "mwamva?"

"Khala chete."

Chitseko sichinatseguke. Kamphepo kozizira kanadutsa, n'kuima pamene panagona mwana. Mwana anatonthola. Anatambasula kadzanja. Anafumbata chinthu chosaoneka.

"Bambo a Ivalu," anatero Ebba chapansipansi, "mukuimiranji ngati mlendo? Lowani, mukuvutitsa mwana."

Mawu anachokera cha kumbaula, otopa.

"Ndilowa bwanji, mayi? Munandisiya paphiri. Kukuzizira."

Fungo linatha. Pansi panatsala mapazi awiri a madzi. Mwana anayambanso kulira.

Ebba sanagwetse msozi. Anatsitsa chikwama, n'kuikamo khofi, nsomba zouma ndi kaliwo wa malemu. Kenako anavula mwanayo kasokosi kamodzi.

"Mapu anasindikiza kale, amayi," anatero Ivalu.

"Akhale nalo dzina la papepalalo. Ine ndikukaima pansi pa phiri, ndiwaitane, ndiwabweretse m'kasokosi aka."

"Ndi masiku anayi kupita kokha. Ameneyu adikira?"

Ebba anawerama, n'kununkhiza khosi la mwanayo.

"Uzimudonthezera mkaka pakamwa. Ndi wamakani ngati ajawa, safa msanga."

Anamanga chikwama, n'kutsegula chitseko. Agalu anali ataima kale pamzere, aliyense pamalo pake, mphuno kumpoto. Palibe amene anawaitana.