Dzenje Lochekera Matabwa la a Lucius

Khwee, khwaa. Khwee, khwaa.

A Gilson anaimika simbi m'malere. Anali akusita shati yawo yoyera pamphasa kuti mawa akayesenso mwayi m'maofesi a m'tauni. Magetsi anali atazima Matawale yense. Phokosolo linkamveka ngati anthu akucheka mtengo kuseri kwa bafa, chonsecho kumeneko kulibe mtengo ngakhale umodzi.

"Amake Pempho, mukumva?"

Akazi awo, a Benedicta, sanatukule mutu. "Ine ndimamva tsiku lililonse. Inuyo ndi amene mwachedwa kumva."

A Gilson anali mesenjala pa ofesi ina m'tauni ya Zomba, koma ntchito inawathera. Bwana anawapeza akuliza mkonono pabenchi masanasana, tiyi wake atazizira m'manja mwawo. Anthu ankati ndi kachasu, koma munthu wake ndi wakwaya, mowa saulawa. Chimene chinkachitika n'chakuti m'mawa uliwonse ankadzuka mapewa akuphwanya, m'manja muli matuza, m'tsitsi muli utuchi wonunkhira paini.

Usiku umenewo a Benedicta anaulula.

"Mukangogona, panja pamabwera mawu. Amaitana dzina lanu."

"Ndiye?"

"Ndiye mumayankha. Mumati, 'Wawa bwana!'"

Ngakhale mwana wa ku mkaka amadziwa kuti ukaitanidwa usiku suyankha. Koma a Gilson anakhala zaka zambiri akuthamangira aliyense wowaitana, mpaka pakamwa pawo panazolowera kuyankha mutu usanaganize.

"Thupi lanu limakhala pompano," anatero a Benedicta. "Ndimaligwira. Koma limazizira ngati mwala wa mumtsinje wa Mulunguzi, mpaka tambala alire."

Anayesa zonse. Abusa anabwera kudzapemphera. Anatseka makutu ndi thonje. Tsiku lina a Benedicta anawamanga chitenje pakamwa, koma yankho linatulukabe, lotsamwa, ngati la munthu ali pansi pa madzi. Kumaofesi akangowaona maso ofiirawo ankati, "Tidzakuimbirani." Kunja kukacha a Gilson ankayang'ana phiri la Zomba lili chiimire pamwamba pa tauni, n'kumva ngati lawagonera pachifuwa. Ndipo kumsika kunkamveka manong'onong'o akuti kudera la Chinamwali, m'tauni momwemo, anyamata awiri amwalira akudandaula mapewa.

Ufa utatha m'nyumba, galimoto yodzaza matabwa inaima pafupi nawo pamsewu. Munali a Lucius, mwini malo ogulitsira matabwa ku Chinamwali, munthu amene sanalankhulanepo naye.

"A Gilson! Ndamva mukusaka ntchito. Kwerani kuphiri mawa. Ndikufuna wocheka."

"Koma ine sowo sindinaigwirepo."

A Lucius anangoseka. "Mukaiona muidziwa."

A Benedicta analira, anawagwira mwendo. Koma Pempho anali atagona ndi njala, ndipo bambo angatani? M'mamawa a Gilson anauyamba ulendo.

Kuphiri kunali nkhungu yoti sungaone dzanja lako. Palibe anawalozera njira, koma miyendo yawo inkakhota yokha, kupyola ogulitsa mbatata, kulowa m'kanjira ka m'mitengo ya paini. Mwala uwu ankaudziwa. Chitsa ichi chinawapunthwitsapo, sakudziwa liti.

Anafika pa dzenje lalitali, pamwamba pake atagonekapo chipika. Pocheka matabwa pamafunika anthu awiri: wina amaima pachipika kukoka sowo m'mwamba, wina ali m'dzenje kuikokera pansi, utuchi ukumugwera m'mutu. Pachipikapo panakhala mkulu wina waimvi, a Mateyu, akunola mano a sowo. Atawaona a Gilson, sanapereke moni. Anangosuntha pang'ono ngati wolandira munthu amene wachedwa.

A Gilson anatsikira m'dzenjemo. Atagwira chigwiriro, matuza awo anakhala ndendende pamene chigwirirocho chinaperepeseka. Mikono inayamba yokha. Khwee, khwaa.

Anasiya msangamsanga, thukuta lili kamukamu.

"Agogo, ine ndikubwerera. Ntchito iyi sindikuifuna."

"Yesani," anatero a Mateyu.

A Gilson anagwira m'mphepete mwa dzenje kuti akwere. Pomwepo mawu a a Lucius anamveka m'nkhungumo, chapatali, akuitana dzina lawo. A Gilson analuma milomo mpaka magazi. Koma pakamwa panatseguka, n'kuyankha, ndipo manja anabwerera pasowo.

Misozi ikusakanikirana ndi utuchi, anayang'ana m'mwamba.

"Agogo, ndiuzeni chimodzi chokha. Usiku ndikamacheka muno, pamwambapo mumakhala inuyo?"

A Mateyu anapukusa mutu, n'kulavula pambali.

"Ine ndimagwira masana okha, mwanawe. Wa usiku ndi Wilson, mwana wa mlongo wanga. Tinamuika m'manda chaka chatha, koma a Lucius sanamuchotsebe ntchito."