Mkaka kwa Chithunzi, Madzi kwa Mwana

Dontho loyamba la mkaka linamugwera Poongodi m'khosi, lachiwiri pa diresi lake latsopano. Kuthawa sakanatha, poti manja onse awiri anali atagwira makwerero, ndipo pamwamba pa makwererowo panali bambo ake, a Pandiyan, akukhuthulira chigubu chathunthu cha mkaka pamutu pa chithunzi chamatabwa chotalika kuposa denga la nyumba ya kanema. Ng'oma zinali mkati, makombola akuphulika, anyamata akuimba malikhweru mpaka makutu kuwawa.

"Gwira bwino iwe, ukufuna ndithyoke msana?" anatero bambowo ali m'mwamba, kenaka n'kuitana mnzawo. "Thangavel, patse chigubu chinacho."

Ku Melur, tauni yakwawo, filimu ya katswiri wa kanema amene umamukonda ikamatuluka umasambitsa chithunzi chake ndi mkaka, ndipo palibe amafunsa chifukwa. Koma a Pandiyan anali ogulitsa mkaka, munthu woti ukadontheza kadontho kamodzi pokama, adzakukumbutsa mpaka ukwatiwe. Lero mkaka wa ng'ombe zonse unkayenderera m'ngalande, agalu akunyambita, eni ake akuseka mano onse pamtunda. Poongodi anaupenya mkakawo ndipo mtima unamuwawa kwambiri.

Filimuyo inali yakale, yongojambulidwanso. Yoyamba inatuluka a Pandiyan ali mnyamata, ndipo inali nkhani ya mnyamata wachisilamu amene anakondana ndi mtsikana wachihindu, makolo n'kuwakaniza. Anaionera kambirimbiri mpaka kuiloweza pamtima. Ankalira pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo nyimbo yake ankaimbira ng'ombe pokama. Tsopano anaijambulanso ndi ana amakono, ndipo katswiri wawo uja, amene kale anali mnyamata wokondayo, anali atakalamba, choncho anam'patsa malo a bambo wa mtsikana.

Chimene chinkamutentha Poongodi ndi ichi. Chaka chatha mkulu wake, Vasuki, anakwatiwa ndi Siraj, mnyamata wokonza mafoni mumsewu wa kumzikiti. Tsiku limenelo a Pandiyan anaima pakhomo, anthu oyandikana nawo akuona, n'kunyamula ndowa ya madzi, n'kudzithira pamutu zovala zili m'thupi. Munthu amasamba chotero akachokera kowotcha maliro. Kuyambira pamenepo Vasuki anali wakufa. Chithunzi chake chinachoka pakhoma, dzina lake linaleka kutchulidwa, ndipo njinga yamoto ya mkaka inayamba kuulambalala msewu wa kumzikiti, ngakhale kunali makasitomala akalekale.

Wakufayo tsopano anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Pa mwezi umenewu akazi a kwawo kwa munthu amapita kukamuveka zibangili zagalasi, manja onse awiri, kuti mwana m'mimba azimva kulira kwake ndi kudziwa kuti kunja kuno akudikiridwa. Mayi Noorjahan, amayi a Siraj, amenenso poyamba anatha miyezi osamuyankhula mpongozi wawoyo, anakumana ndi amayi a Poongodi kumsika. "Mwambowu si wathu," anatero, "koma mwana wanu akuulirira. Bwerani Lamulungu, mpunga ndiphika ine." Amayi a Poongodi, mayi Valli, anagula zibangilizo tsiku lomwelo n'kuzibisa pansi pa mpunga m'chitini. Kupitirira apo analibe mphamvu. Lero linali Lachisanu.

M'kati mwa nyumba ya kanema a Pandiyan anakhala pakati pa Poongodi ndi mnzawo a Thangavel, telala wa pamsika, munthu wosasunga mawu pakamwa. Katswiri uja atangotulukira pansalu, bambowo anaimirira n'kuwaza timapepala m'mwamba. Mnyamata ndi mtsikana atakumana pansi pa ambulera, anapukuta maso ndi kansalu ka paphewa. Bambo wa m'filimu atayamba kukalipa ndi kutsekera mwana wake m'chipinda, a Pandiyan anaiwala kuti ndi katswiri wawo.

"Msiye mwanayo, nkhalamba iwe," anakuwa. "Mnyamatayo walakwanji? Si munthu ameneyo?"

Poongodi anawayang'ana cham'mbali. Analuma mlomo wam'munsi kuti mawu asatuluke.

Kenaka panabwera chinthu chimene mu filimu yakale munalibe. Mtsikana atathawa ndi wokondedwa wake, bambo uja anatuluka pakhomo, nanyamula ndowa, nadzithira madzi pamutu. Ojambula anawachedwetsa madziwo dala, kuti aliyense aone akutsika kumaso mpaka kundevu. Nyumba yonse inadzuma. Wina anaponya nsapato pansalu. Mayi wina kumbuyo anati, "Kusambira mwana wamoyo? Ubereke wekha, uike wekha m'manda ali maso? Galu ameneyu." A Pandiyan anangofinya kansalu kaja m'manja.

Magetsi atayaka pa nthawi yopumira, a Thangavel anawagunda ndi chigongono.

"Aise, akuberatu. Kodi ojambulawa anabisala pati tsiku lija? Koma iwe unachita bwino kuposa iyeyu, sunaphethire n'komwe."

"Aiononga filimu," anatero a Pandiyan, maso ali kwina. "Ana amakonowa sadziwa kanthu. Yakale ija munalibe zopusazi. Poongodi, tiye."

"Siinathe, ababa."

"Ndati tiye."

Aka kanali koyamba kuti munthu ameneyu atuluke filimu ya katswiri wake ili pakati. Panja chithunzi chija chinali chitayamba kununkha mkaka wosasa, ntchentche zili ng'waa pa nkhata zamaluwa. Anakwera njinga yamoto, zigubu zopanda kanthu zikugundana m'mbali. Poongodi anapirira mpaka pa mlatho, kenaka zinamukanika.

"Ababa, anthu a m'filimu aja mumawalirira chifukwa chiyani?"

"Ija ndi filimu."

"Ndiye Msilamu wa pansalu ndi munthu, koma wa kumzikiti ayi?"

"Wa pansalu sananditengere mwana."

"Mwana wake uti? Paja munati mulibe."

Njinga inaima mwadzidzidzi, mpaka chipumi cha Poongodi chinagunda msana wa bambo ake. Iwo sanatembenuke.

"Ukuyankhula ndi ndani choncho?"

"Ndi inu. Thabwa mwalisambitsa mkaka zigubu ziwiri, thabwa losadya, losakudziwani ngakhale dzina. Achemwali ali ndi pakati, simunawatumizireko ngakhale kapu imodzi. Lamulungu akufunika kuvekedwa zibangili. Adzakhala pampando paja akuyang'ana kukhomo, anthu a eni akuwaonera, ngati anachita kutoledwa pamsewu."

"Ndinasamba pamaso pa anthu," anatero bambowo motsitsa mawu. "Ukufuna Melur yense azindiseka? Madzi akatayika saoleka."

"Madzi ajatu anauma tsiku lomwelo, ababa. Ndinasesapo ndine madzulo ake."

Khosi la a Pandiyan linachita mitsempha. Anatembenuka tsopano, n'kumuloza ndi chala.

"Tamvera. Ndowa ija ikadalipo. Ukakangopondako kumeneko, ndisamba kachiwiri. Wamva?"

Anamva. Loweruka lonse mawuwo ankamuzungulira m'mutu, ndipo kunena zoona anachita mantha. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu zokha, mayeso ali pafupi, ndipo ankawadziwa bambo ake kuti akanena chinthu pagulu amachikakamira ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe. Anaganiza za chithunzi chake chikuchotsedwa pakhoma, pambali pa msomali wa Vasuki umene unali ukadali pomwepo. Koma akatsegula chitini kuti atape mpunga, zibangili zija zinkalira pansi, ndipo mantha ankasanduka mkwiyo. Mwana wosabadwa analakwira ndani? Mayi Valli ankangoyenda mwakachetechete m'nyumba, maso ofiira, akunamizira utsi.

Lamulungu m'mawa a Pandiyan atamaliza kukama anakhala pakhonde ndi tiyi wawo. Poongodi anasamba, naluka tsitsi, namangirira maluwa oyera. Kenaka anatenga ndowa ija, ndowa yomweyo yachitsulo yopindika pakamwa, nakaidzaza pampopi mpaka kusefukira. Anainyamula ndi manja awiri, madzi akumugwera pa mapazi, n'kuitula patsogolo pa bambo ake.

"Madzi anu awa, ababa. Ndakutungiranitu kuti musavutike."

Anthu a nyumba yoyandikana anasiya kusesa. A Pandiyan anayang'ana ndowa, nayang'ana mwana wawo, kapu ili m'malere. Poongodi analowa m'khitchini, napisa dzanja mumpunga, natulutsa phukusi la zibangili. Podutsa pakhomo anapeza amayi ake ataima, atagwira chitseko.

"Mwana iwe, ukutipha," ananong'ona mayi Valli.

"Wafa kale mmodzi, amayi. Inu tsalani ngati mukufuna."

Anatsika masitepe osacheuka. Atafika pa mtengo wa bwemba wa pamphambano, anamva patapata akumuthamangira kumbuyo. Anali amayi ake, akukonza nsalu yawo ya sari paphewa, akupuma mwabefu.

"Bweretsa kuno," anatero. "Wagwira ngati wanyamula nkhuni, uziswa. Ngati ndi kusamba, atisambire tonse atatu, aone amene adzawaphikire."

Kwa a Siraj anawalandira ndi mayi Noorjahan, atafunda mpango kumutu, manja akununkhira mandimu ndi bwemba. Anali ataphika mpunga wa mitundumitundu monga mwambo umafunira, ngakhale wa mandimuwo anauchulutsa mchere. Vasuki anali pampando pakati pa chipinda, mimba patsogolo, manja opanda kanthu ali pamiyendo. Ataona amayi ake analephera kudzuka, anangotambasula manjawo n'kuyamba kulira. Atalira mokwanira, maso ake anadumpha mapewa awo n'kupita kukhomo. Koma bambo ake sanaoneke.

Mayi Valli anayamba kumuveka, zofiira ndi zobiriwira, akumufinya dzanja pang'onopang'ono kuti galasi lisasweke. Anatsatira Poongodi, kenaka mayi Noorjahan, amene anafunsa kaye kuti, "Ndiyambire dzanja liti? Musandiseke, n'koyamba." Akazi a mumsewumo anaseka, n'kufola nawonso. Siraj ankangozungulira ndi makapu a tiyi, osadziwa poima. Poongodi ankamwetulira nawo, koma mumtima ankaona ndowa ija. Mwina pofika tsopano iyenso anali wakufa, ndipo madzulo sakanadziwa kolowera.

Ali mkati modya, kunja kunalira hutala. Inali hutala ya mphira, yosasa mawu, imene msewu umenewo unali usanaimve kwa chaka chathunthu. Vasuki anaizindikira msanga kuposa wina aliyense. Anadzuka mogwira mpando, zibangili zikulira manja onse, napita kukhomo, Poongodi ali pambuyo pake.

A Pandiyan anali ataima pambali pa njinga, chigubu chili m'manja. Ana a mumsewu anali atawazungulira, ndipo amuna angapo pa sitolo ya tiyi ankaonerera poyera. Bambowo sankadziwa koyang'ana. Siraj anatuluka, nayimanso chimodzimodzi, amuna awiri akuluakulu akuyang'ana tayala la njinga.

"Uwu ndi wa ng'ombe yakuda ija," anatero a Pandiyan potsiriza, akupereka chigubu kwa mkamwini wawo. "Muziuwiritsa bwino. Azimwa m'mawa ndi madzulo. Mawa ndibweretsa wina."

"Lowani, bambo," anatero Siraj. "Mpunga ulipo."

"Ndili ndi makasitomala."

"Lamulungu masana, ababa?" anafunsa Vasuki.

Bambowo anakweza maso. Anaona mimba, anaona manja odzaza zibangili, ndipo kansalu ka paphewa kaja kanapita kumaso monga kamachitira ku kanema.

"Waonda, Vasuki," anatero. "Sakukudyetsa anthu amenewa?"

"Tamuonani munthuyu," anayankha mayi Noorjahan ali pakhomo. "Wabwera lero, wayamba kale kutinena. Vulani nsapato mulowe, mudzaone nokha mmene amadyera mwana wanu."

Pamene bambo ake ankawerama kuvula patapata, Poongodi anawayang'anitsitsa pamutu. Tsitsi linali louma, mafuta a kokonati a m'mawa akadali waliwali. Malaya nawonso anali ouma.

"Nanga madzi aja, ababa?" anafunsa chapansipansi.

"Ndatsukira chigubu," anatero a Pandiyan osamuyang'ana. "Ukanafuna mchemwali wako amwere mkaka m'chigubu chakuda? Ndipo iwe, tsiku lina ukamatunga madzi usamadzaze choncho, wanyowetsa khonde lonse."

Anawerama pang'ono pa chitseko chachifupi cha nyumbayo, nalowa.