Kansomba Kamtengo ka Achimwene

Telala wina anatseka shopu dzuwa likadalipo. Mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, anamupeza pakhomo akumanga ndodo yowedzera panjinga.

"Alamu, achimwene anu akudwala ndithu. Akukuitanani."

"Ndibwera mawa," anatero osakweza mutu.

Abale awiriwa anali atasiya kulankhulana. Chifukwa chake chinali chochititsa manyazi kuchepa kwake: achimwenewo, omwe anali kalipentala, ananena pagulu kuti mng'ono wawo amawedza ngati akukoka mbuzi. Anthu anaseka. Telala anasunga mawuwo mumtima.

Koma ankagwiritsabe ntchito nyambo ya achimwenewo: kansomba kamtengo kosema okha, kokhala ndi kamlomo kutsogolo. Ukamakulunga chingwe kamamira pang'ono, n'kumagwedeza mchira. Ukasiya, kamayandama.

Kudamu kunali zii. Telala anapita kumene mitengo inamira kalekale, kumene nsomba za pakamwa papakulu zimabisala m'zitsa. Anaponya. Kansomba kanagunda chitsa, kananjanja, kanadutsa. Anaponyanso. Mdima unayamba kutsika, achule anayamba nyimbo zawo.

Kenako chingwe chinauma. Kansomba kanakodwa m'nthambi pansi pa madzi.

Achule aja anangoti duu, onse pamodzi.

Kumbuyo kwake udzu unaphwanyika. Kunamveka fungo la utuchi, fungo limene analidziwa kuyambira ali mwana.

"Usakoke, iwe," anatero mawu a achimwene ake. "Masula chingwe. Kayandama kokha."

Telala sanacheuke. Mtima unamuwawa. Ndiye kudwala kuja kunali bodza? Amulondola mpaka kuno kudzamuphunzitsanso?

"Odwala amagona kunyumba, achimwene."

"Ndagona mokwanira. Masula, ndione."

"Pitani mukaphunzitse ana anu."

Anamva kupuma pafupi ndi khosi lake. Kunali kozizira ngati mphepo yotuluka m'chitsime.

"Tandiyang'ana, mng'ono wanga."

Mawuwo anali ofewa, osazolowereka. Telala anatsala pang'ono kutembenuka. Koma kuseka kwa anthu kuja kunamveka m'makutu mwake. Analuma mano, n'kukoka ndi mphamvu zonse.

Thwa! Chingwe chinaduka.

"Mwaonatu zimene mwachita!" anakuwa akutembenuka.

Panalibe munthu. Udzu wokha unali ukudzuka pang'onopang'ono pamene panaima mapazi awiri.

Njinga anaiiwala komweko. Anathamanga mumdima, akugwa n'kudzuka, akuitana achimwene ngati kamwana. Asanafike pakona ya msewu wawo anamva kulira.

M'chipinda, nyale inkayaka pampando. Achimwene anali atafunditsidwa mpaka kumutu. Nsapato zawo zinali pansi pa bedi, zouma, zafumbi.

"Anatulukako?" anafunsa telala.

Mlamu anamuyang'ana ndi maso ofiira. "Atuluke bwanji munthu woti madzi timachita kumumwetsa?"

Zinazo telala anazimva m'mawa, amayi oyandikana nawo akunong'onezana kuseri kwa khitchini. Akuti dzuwa litalowa, wodwalayo anatseka maso, dzanja lake n'kumazungulira m'mwamba ngati akukulunga chingwe. Milomo inkagwedera. Akazi awo atawerama kuti amve, iwo anamwetulira pang'ono.

"Wakoka," anatero. "Mwana uyu wakokabe."

Ndipo sanalankhulenso.