Zipika za Pansi pa Morisi

Lachiwiri limenelo Agnesi anadzuka nkhungu ya Juni itakuta Bembeke yense. Anasesa pabwalo, anatunga madzi kumjigo, anachapa matewera a mwana wake Tamandani, anaphika phala, anakamangirira mbuzi kudambo, kenako anabereka mwana n'kutsikira kudimba kukathirira kabichi. Amuna ake, a Dominiko, anawasiya m'galaja la kuseri kwa nyumba. Atabwerako dzuwa lili pamutu, anawaitana kuti adzadye mbatata. Sanayankhe. Anakankha chitseko cha malata n'kuona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa galimoto, galimotoyo itagwada mphuno pansi.

A Zikhalo, wapolisi wofufuza milandu wa ku Dedza boma, anafika masana ndi mnzawo wa ntchito, Konsitebo Victoria. Amuna a pamudzipo anali atatukula kale galimoto ndi mitengo n'kutulutsa mtembo.

Kanali kagalimoto kakalekale, ka Morisi. Mwini wake woyamba anali wansembe wina amene anamwalira Agnesi asanabadwe. Kanakhala kuseri kwa parishi zaka zambirimbiri, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka a Dominiko, kalaliki wa paparishipo, anakagula n'kukakokera kwawo ndi ng'ombe. Tsopano mbali imodzi inali itapakidwa penti wobiriwira, ina ikadali dzimbiri lokhalokha. Matayala akutsogolo anali atatsamira khoma. Mabawuti anali m'zitini, zitini zili pamzere.

A Zikhalo ananjuta n'kutola jeke. Sinali yothyoka. Kabawuti kotsitsira kanali kopotokola mpaka kumapeto. Pasimenti, m'fumbi lofiira la dzimbiri, panali malo awiri oyera, ozungulira ngati mbale.

"Mayi, apa pankakhala chiyani?"

"Zipika," anayankha Agnesi. "Ziwiri za bulugamu. Anazisema pamwamba kuti chitsulo chizikhala bwino. Bambo a Tamandani sankalowa kunsi popanda zipika. Ankati jeke n'njotukulira, si yogonera."

"Zili kuti?"

"Sindikudziwa."

"Mumufunse bwino ameneyo, bwana," anatero mayi wina pakhomo. Anali a Bridget, mlongo wa malemuyo, namwino wa ku Linthipe. "Pa Pasaka ananena pamaso pa tonse kuti chigalimotochi chidzawapha achimwene. Lero si izi?"

"Ndinanenadi," anatero Agnesi. "Anali atagulitsa mbuzi yanga kuti agule penti."

Victoria anabwera kuchokera kukhitchini n'kunena kuti pamafuwa panali phulusa lambiri, likadali lofunda: mwina zipikazo zinatenthedwa pamenepo.

"N'zitsononkho zimenezo," anatero Agnesi. "Nkhuni kuno mungazione kuti? Kunkhalango alonda amalanda nkhwangwa. Tikuphikira zitsononkho ndi mapesi."

Koma pakhomopo m'mawa umenewo panalibe munthu wina amene anaoneka. A Zikhalo anaimbira foni akuluakulu awo, ndipo akuluakuluwo anawauza kuti abwere ndi mkazi wa malemuyo. Pamene Agnesi ankakwera galimoto ya polisi, a Bridget anamumasula mwana kumsana.

"Mwana wa achimwene sakagona m'chitolokosi."

Tamandani anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Kulira kwake kunamveka mpaka galimoto inakhota pa tchalitchi.

Lachitatu m'mawa anamulowetsa m'chipinda chofunsira mafunso. Munali tebulo, mipando iwiri ndi kawindo kam'mwamba. Bulauzi ya Agnesi inali itanyowa pachifuwa, ndipo anakhala atapinda manja kuti abise.

"Adokotala apima," anatero a Zikhalo. "Chifuwa chinaphwanyika. Mtembo uperekedwa mawa m'mawa, maliro aikidwa masana. Inunso mawa m'mawa mukuyenera kukaonekera kukhoti. Mlandu wakupha belo yake sibwera msanga. Mukundimva?"

"Ndiye kuti amuna anga aikidwa ine ndili muno."

"Ndi kundende pambuyo pake, miyezi ingapo. Ndithandizeni. Galimotoyi munkadana nayo?"

"Ndinkadana nayo, ee. Mwana amadya penti? Khitchini yanga ikudontha, malata ake anafolera galaja. Koma ndiwaphere chiyani pamene anavomera zoigulitsa?"

A Zikhalo anaika cholembera pansi. "Kugulitsa kwa ndani?"

"Bwana wina wa ku Lilongwe, wokonda magalimoto akale. Anabwera kawiri. Ine ndinagwada pansi kuthokoza Mulungu."

"Wina amene ankagwira galimotoyi ndani?"

"Achimwene anga, a Vinsenti. Kuwotcherera konse ndi iwo. Bambo a Tamandani ankadziwa za m'buku, manja anali a achimwene." Anayang'ana kukawindo. "Bwana, mwana wayamwa chiyani? Botolo salidziwa."

 A Zikhalo anauza Victoria kuti amupezere madzi ofunda ndi kansalu.

Bwana wa ku Lilongwe uja anamupeza pafoni. Victoria anali atayamba kale kumuganizira: mwina anakangana pa mtengo, mwina anafuna kutenga galimoto mwaulere. Koma munthuyo Lachiwiri lonse anali pa msonkhano ku ofesi kwake, ndipo anthu atatu anachitira umboni. A Zikhalo anamuuza za imfayo.

"Tinagwirizana bwinobwino," anatero. "Ndinafuna kuitenga sabata yatha, momwe ililimu. Mwini wakeyo anati ndidikire, pali mlamu wake woti amuuze kaye. Ankaoneka kuti akuopa kumuuza."

Masana a Zikhalo anabwerera ku Bembeke. Pasiwa panali patadzaza. Amayi anali m'nyumba akuimba nyimbo za Chikatolika motsitsa mawu, amuna ali panja atazungulira moto, makolala a majekete ali m'makutu. A Zikhalo anamupeza Vinsenti akukhoma benchi. Anali mwamuna wowonda, maso ofiira ngati a anthu owotcherera popanda magalasi, manja odzaza zipsera.

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"Kudimba kwanga, kutsidya kwa dambo. Ndimakhala kwa akazi anga."

"Anakuonani ndani?"

"Nkhungu ija, bwana, munthu amaona mnzake?"

"Galimotoyi ikanatha, ikanagwira ntchito yanji?"

"Takisi. Bembeke mpaka boma. Woyendetsa ndikanakhala ine."

"Alamu anu sanakuuzeni zoigulitsa?"

Vinsenti anakhoma msomali wina mpaka unalowa wonse. "Sanandiuze."

"Mlongo wanu ali m'chitolokosi."

"Ndikudziwa."

A Zikhalo anamusiya. Kukayikira anali nako, koma kukhoti sakatenga kukayikira. Dimba linalipodi, nkhungu inalipodi, ndipo Agnesi ndiye anali ndi mawu oipa amene anthu anawamva. Anakhala pansi pakati pa amuna aja n'kutambasula manja kumoto. Nkhuni zinali zochepa: nthambi zaziwisi za mapichesi, mapesi, mtengo wa khola lakale. Mkulu wina ankadandaula kuti masiku ano munthu umazizidwa ngakhale pamaliro.

Mnyamata wina wa adzukulu, okumba manda, anabwera ndi chipika n'kuchiponya pamoto. Chinagwira msanga kuposa nkhuni zonse. Utsi wake unali wakuda, ndipo amuna anayamba kutsokomola.

"Iwe, waikapo tayala?" anafunsa mkulu uja.

A Zikhalo anamva fungo la oyilo. Anadumpha, anakoka chipikacho ndi khasu n'kuchigubuduza m'dothi. Mutu wake unali wosemedwa ngati chikho, wakuda ndi girisi.

"Wachitenga kuti?"

"Pamulu wa nkhuni, kuseri kwa khitchini. Chilipo china."

Chinalipodi, chosapsa. A Zikhalo anachinyamula kupita nacho m'galaja n'kuchiimika pa malo oyera aja. Chinakwana ndendende.

Anaitana a Magadalena, mayi wamkulu wa mphakati wa tchalitchi, amene ankalandira ufa ndi nkhuni zimene khomo lililonse limabweretsa pamaliro. Analibe pepala, koma panalibe mtolo umene unawadutsa.

"Ziwiri zikuluzikuluzo? Wabwera nazo Sophie m'mawa uno, mkazi wa Vinsenti. Ndinachita kumuyamikira. Ena abwera ndi tinthambi toti sungawiritsire ndi tiyi."

Sophie anatuluka m'nyumba ya siwa akukonza duku. Anagwada potero n'kuyankha mosabisa kanthu, chifukwa sankadziwa kuti pali chobisa.

"Ndinazipeza m'thumba kuseri kwa bafa kwathu. Ndinati bambo a kunyumba andisungira nkhuni. Nanga maliro a alamu, ndibwere chimanjamanja? Anthu akanandinena chaka chonse."

"Amuna anu munawauza?"

"Anali atalawirira kuno. Bwanji, bwana? N'zakuba?"

 Vinsenti anali ataima pakona ya nyumba, hamala ili m'manja, maso ali pa chipika chofuka utsi chija. Sanathawe. Anaika hamala pabenchi n'kuyenda yekha kupita kugalimoto ya polisi.

M'chipinda chomwe chija, pampando womwe anakhala mlongo wake, Vinsenti anayamba kulankhula a Zikhalo asanamalize kumuuza za ufulu wake.

"Pansi ponse pa galimoto ija panali pobooka. Munthu umaponda n'kuona dothi. Ndinadula migolo, ndinasula, ndinawotcherera chigamba ndi chigamba. Anzanga atapita ku Joni anandisungira malo. Alamu anati, 'Usapite, Vinsenti, galimotoyi ndi yathu, ukhala dalaivala.' Ndinatsala. Chaka chachiwiri anandiitananso, ndinatsala. Dimba ndinalisiya. Kwa akazi anga amanditcha wantchito wa Morisi. Apongozi salankhula nane."

"Lachiwiri chinachitika n'chiyani?"

"Ndinabwera Agnesi atapita kudimba. Alamu anali kunsi, akumanga chitsulo cha chiwongolero. Anati nditukule pang'ono ndi jeke, dzanja silikulowa. Ndinatukula. Galimoto inachoka pa zipika. Ndiye ali kunsi komweko, osandiona nkhope, anati, 'Alamu, ndaigulitsa. Abwera kudzaitenga Loweruka. Ndikugulirani njinga ya kabaza.'"

 Victoria anasiya kulemba.

"Njinga," anatero Vinsenti. "Anadikira alowe kunsi kuti anene. Ndinafunsa kuti, 'Nanga ine?' Anati, 'Ndipatseni sipanala ya teni.' Ndinakoka chipika choyamba. Ndinakoka chachiwiri. Anamva, anafunsa kuti ndikutani. Ndinapotokola kabawuti ka jeke."

"Zipika munatengeranji?"

"Kuti anthu aziti anadalira jeke yokha. Ndinafuna kukaziponya kumtsinje, koma m'njira munali amayi ochapa."

"Ndipo mlongo wanu atatengedwa?"

Vinsenti anayang'ana zipsera za m'manja mwake. "Ndinati amutulutsa, sanalakwe kanthu. Ndinati ndikanena mawa. Kutacha ndinatinso mawa."

Anamutulutsa Agnesi madzulo omwewo. Pakhonde la polisi anakumana ndi mchimwene wake akumulowetsa, nsapato ndi lamba zili m'manja mwa wapolisi.

"Achimwene, mwabwera kudzanditenga?"

Kenako anaona unyolo. A Zikhalo anamufotokozera mwachidule. Agnesi sanalire pamenepo. Anafunsa ngati minibasi za ku Bembeke zikadalipo pa siteji, chifukwa mwana anali atagona kale tsiku limodzi osayamwa.

Maliro anaikidwa Lachinayi, iye alipo. A Bridget anamubwezera mwana kumanda komweko, osanena pepani. Vinsenti anavomera mlandu kukhoti ndipo ali kundende. Sophie anasiya kubwera kutsidya lino, ndipo akakumana ndi Agnesi kuchigayo amayang'ana pansi. Bwana wa ku Lilongwe sanaimbenso. Morisi anaikokera ku polisi ngati umboni.

A Zikhalo atabwera kudzasainitsa mapepala omaliza, anafunsa Agnesi kuti galimotoyo inadya zingati, poti fomu inkafuna mtengo wake. Agnesi anali akusenda mbatata, ndipo sanasiye.

"Lembani mbuzi zinayi. Mbewu ya kachewere ya zaka ziwiri. Malata a khitchini. Makina anga osokera. Bokosi la maliro tinakongola kumphakati, ndikubweza ndi kabichi. Bambo a mwanayu. Achimwene, amene anali oti andiyang'anire ine ndi mwanayu bambo ake atapita." Anaponya mbatata m'beseni. "Ndi bere. Chibwerere kwa a Bridget akulikana. Mkaka wa m'chitini ndikugula sabata iliyonse, ndipo sunalowe n'komwe m'galimotomo. Koma lembani."